Maloko Ofiira a Fraser

A Fraser Kalimbuka ankakonza injini za magalimoto akuluakulu a mumgodi, kumpoto kwa dothi lofiira. Masabata awiri kumeneko, sabata imodzi kunyumba ku Midland, chaka ndi chaka chiyambireni migodi kumeza anthu. Ndalama zinalipo ndithu, koma mtima wawo unali pa agwape a nyanga zanthambi a pafamu ya mayi wina dzina lake Debbie, kuseri kwa mapiri. Nyamazo zinkamudyera mphesa, choncho anawalembera kalata yowalola kusaka, ndipo chilolezo cha mfuti yawo chinatsamira pa kalatayo.

Tsoka ilo, miyezi isanu ndi inayi inatha osapha ngakhale kamwana. Debbie anawauza mosapsatira kuti mwezi ukatha popanda nyama, kalata apatsa mlenje wina. Zinawapweteka zedi, chifukwa kunja kwa tchire limenelo moyo wawo unali ndege, fumbi ndi tulo basi.

Pa khama lokha panalibe wowaposa. Zovala zosakira ankachapa ndi madzi okhaokha n'kuzisunga m'thumba la masamba a bulugamu. Akazi awo, mayi Callista, ankang'ung'udza kuti bambo amasala sopo ndi mafuta masiku awiri ngati ofedwa. Dizilo wolowerera m'zikhadabo a Fraser ankamukhula ndi mchenga. Ankayenda ndi kabotolo ka phulusa, kuwaza pang'ono, kuona kolowera mphepo, n'kuiyang'ana kumaso. Kapondedwe kawo kanali ka wakuba nkhuku. Koma agwape ankadzutsa mitu iwo akadali kutali, n'kuliyatsa liwiro.

Loweruka lomaliza la mweziwo anatenga mnzawo Mwewa, wa ku Zambia, wofufuza miyala mumgodi womwewo. Atangodutsa geti, Mwewa anawagwira mkono.

"Ba Fraser, imililani. Simumvela vamene vilila?"

"Chikulira n'chiyani, achimwene? Kuli zii kuno."

"Maloko yanu aya, mudala! Yalila monga belu ya ku tchalitchi."

Pa lamba wawo panalendewera maloko atatu ofiira, aja makaniko amakhoma pa makina kuti wina asawalize iye ali m'kati. Kumgodi loko sasiyana ndi mwini wake, ndipo lamba wa a Fraser anali mmodzi yemweyo, kuntchito ndi kutchire. Anawamasula n'kuwagwedeza pafupi ndi khutu. Anawaona akugundana, koma sanamve kanthu. Injini zinali zitawadya makutu pang'onopang'ono iwo osadziwa, ndipo mantha anawagwira.

Anasiya malokowo pa chitsa n'kupitirira. Patsogolo pang'ono gwape wamphongo anatswa nthambi kumanzere, pafupi penipeni. Mwewa anawanong'oneza katatu, a Fraser maso ali kumanja. Pomwe ankatembenuka n'kuti kwatsala kugwedera kwa masamba.

Sanadikire kuti mwezi uthe. Pobwerera anaima pakhomo pa Debbie n'kumuuza okha kuti kalata apatse wina. Mfuti anaitsekera m'kabati yachitsulo podikira woigula.

Atafotokoza zonse kunyumba, mayi Callista sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikukuuzani, bambo. Inu munkati ndimalankhulira m'mphuno."

Kenako mayiwo anatembenukira kusinki n'kuwonjeza mawu ena, mofatsa, ndipo amenewo a Fraser sanawamve.