Mang Teroy Sadziwa Njira

Mvula ya ku Lucban siona nkhope. Imagwa pa ukwati, imagwa pa ubatizo, ndipo m'mawa wa tsiku loika Mang Teroy inagwanso, osaganizako kuti munthu akupitayo ndi amene ankakonza maambulera a tauni yonse. Mkazi wawo, Aling Pasing, anakhala pafupi ndi bokosi m'kanyumba ka maliro, manja ali pa maondo, akumva mwana wawo Perlita akuyala dongosolo la tsikulo: kutchalitchi, kumanda, kenaka onse akakhote pa lesitilanti ya kumsika, akatero aliyense azipita kwawo.

"Mwamva, Inay?" anatero Perlita kwa amake. "Palibe wolunjika kunyumba. Ndi inu nomwe."

Aling Pasing anangoyang'ana makandulo. Perlita amawadziwa amake. Akakalipa ndiye kuti avomera. Akakhala duu, ndiye kuti akana.

Mwambowu kuno ngakhale mwana amaudziwa. Ukachoka pa maliro sulunjika kwanu. Umayamba wakhota pena, pa golosale, pa bekale, paliponse pali anthu, kuti usanse zimene wanyamula. Ngati mzimu wa womwalirayo ukukutsata, umasokonezeka pamenepo n'kutaya njira, iwe n'kukafika pakhomo uli wekha. Timati pagpag. Ambiri amangogula siwiti imodzi n'kumapita. Koma Mang Teroy ndi Aling Pasing mwambo umenewu anaulera mpaka unakula kuposa nyumba yawo.

Anakwatirana ali achichepere, opanda kanthu. Mang Teroy ankakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi tchalitchi, ndi bokosi la mawaya, pulayala ndi nthiti za maambulera akufa. Aling Pasing ankaluka zipewa kunyumba mpaka zala kuuma. Zoyenda kukaona malo ankati n'za anthu a ku Manila. Si kuti analibiretu ndalama yokwerera jipini, minibasi ya kuno, ayi. Vuto linali mtima wa Mang Teroy, umene sunkalola kutseka bokosi popanda chifukwa. Ankaopa kuti mvula igwa, wina abwera ndi ambulera yothyoka n'kupeza pakhonde pali zii. Koma maliro ndi chifukwa chimene palibe amachifunsa kawiri.

Zinayamba atamwalira azakhali a Aling Pasing ku Tayabas. Atatuluka pa siwa, Aling Pasing analoza kagolosale ka tsidya la msewu.

"Tigule machesi apo, tizipita."

"Apo?" anatero Mang Teroy. "Azakhali ako aja, amene anakana ukwati wathu mpaka pakhomo la tchalitchi, asochere pa machesi? Iwe Pasing, usawapeputse akufa."

Anakwera jipini yolowera kwina, ya ku Lucena. Anakhala mothithikana pa benchi, maondo akugundana ndi a anthu osawadziwa, keke ya chinangwa yotentha ili pamiyendo. Kumeneko sanachite chilichonse cha nzeru. Anayendayenda mumsika, anafunsa mitengo ya zinthu zomwe sakanagula, anadyera limodzi kapu ya ayezi wothira mkaka ndi nyemba zotsekemera, masipuni akukanganirana zapansi. Pobwerera Aling Pasing anangozindikira akuseka, nachita manyazi poti azakhali awo anali asanaikidwe n'komwe. Koma manyaziwo sanafike ku Lucban. Anatsika panjira.

Kuyambira pamenepo panakhala lamulo: kutalika kwa ulendo kunkatengera makani a womwalirayo. Atamwalira mayi wina wofatsa amene ankakonza maluwa m'tchalitchi, anangoima pa ngolo ya pansit, n'kudya tizingwe ta ufa tija pa tsamba la nthochi, tothira viniga, ndi pakamwa pokha monga timadyera kuno. "Ameneyu ngakhale utangomuuza kuti bwerera, abwerera, n'kupepesanso," anatero Mang Teroy, mafuta ali pamphuno. Atamwalira mkulu woyandikana nawo, amene anakangana nawo zaka ndi zaka pa mtengo wa mango wa m'malire, anapita mpaka kudoko. Anakhala pa khoma miyendo ili lende, akusenda mtedza wowiritsa, akuonerera masitima opita ku Marinduque. Sanakwerepo ngakhale imodzi, koma ankadziwa imene imachedwa ndi imene imachita dzimbiri msanga.

Atamwalira amake a Mang Teroy, Mang Teroy eni akewo ndi amene anati asinthe majipini kangapo, kenaka adutse mumsika wa nsomba mokhotakhota kuti fungo liwasokoneze. Analira njira yonse, koma sanasiye kukhota. Aling Pasing ankanena poyera kuti tsiku limenelo ndi limene iwo anawakonda apongozi awowo kuposa masiku onse.

Pakamwa pa anthu sipanachedwe. Akadutsa mumsika atavala bwino, amayi ogulitsa masoseji ankakodolana.

"Aling Pasing, mwapaka milomo lero. Wafa ndani?"

"Palibe, mwanawe. Koma iweyo sunayambe kudwala? Kunyanja sitinapiteko chaka chino."

Amiseche anene zonena zawo, koma anthu awiriwa sanali akhwangwala. Pa siwa ankafika oyambirira. Mang Teroy ankanyamula mipando ndi kumanga lona kuti osewera makadi asanyowe, Aling Pasing ankatereka khofi ndi kukhala pambali pa wamasiye osamutopetsa ndi mawu. Maliro n'kulirana, ndipo iwo ankalira zenizeni. Kungoti akalira, ankakumbuka kuti iwowo akadali moyo, ndipo ankapita kukauona moyowo pang'ono lisanalowe dzuwa.

Pa maulendo onsewa wotsogola anali Aling Pasing, chifukwa Mang Teroy mutu wawo unalibe njira. Munthu wobadwira mu Lucban momwemo, wodziwa kumasula ambulera iliyonse atatseka maso, koma ukangomuika pa siteji ya majipini ankazungulira ngati nkhuku yachilendo. Tsiku lina anapita okha kukagula waya ku Lucena, n'kukatsikira ku Liliw, mbali ina ya phiri. Anabwera opanda waya, atagula mapatapata a mkazi wawo, aang'ono. Aling Pasing anawatukwana mlungu wonse, mapatapatawo n'kumawavalabe chidendene chikukhudza pansi.

Choncho ankayenda motere: mkazi kutsogolo, mwamuna kumbuyo atatambasula dzanja kuti ambulera iphimbe mkaziyo, msana wawo ukunyowa. Ambulera yakeyo inali yakuda, yazigamba, yoipa kuposa zonse za m'tauni, poti wokonza za anzake zake amaziiwala. Akafika pakona, Aling Pasing ankaima pang'ono osacheuka, chifukwa ankadziwa kuti bamboyo watsalira, akuyang'ana ambulera ya munthu wina yopindika nthiti. Akamva mthunzi wabwerera pamutu, ankapitiriza. M'jipini ndi iwo amene ankapatsira ndalama kuti idutse m'manja mwa anthu kukafika kwa dalaivala, ndi iwonso amene ankagogoda chitsulo kuti atsike. Mang Teroy ntchito yawo inali kuyang'ana kunja ndi kunena kuti, "Taona minda ya mpunga ija, Pasing," ngati kuti minda ya mpunga yangofika dzulo.

Zaka zinapita, maondo anayamba kukana, chifuwa chinakhazikika. Maliro anachuluka, poti tsopano ankafa ndi amsinkhu wawo, koma maulendo anafupika. Ngakhale wamakani chotani ankamusocheretsera pa bekale ya pakona. Komaliza, atakhala pa kabenchi ka pabekalepo akuviika buledi mu khofi, Mang Teroy anafunsa mosewera.

"Nanga ine ndikadzafa, udzandisocheretsera kuti? Ndikufuna kudoko. Ndine wamakani."

"Iwe? Pageti la manda pomwepo. Ndikangokutembenuza kamodzi, watha."

Anaseka onse mpaka Mang Teroy anatsokomola. Nthabwala imeneyi ndi imene inkawawawa Aling Pasing masiku onse a siwa. Inkabwera akamalandira alendo, inkabwera akamapemphera. Sanauze munthu.

Kumanda zonse zinayenda mwa dongosolo la Perlita. Mwana wake wakhanda, Ningning, anamudutsitsa pamwamba pa bokosi kuchoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo, kuti agogo ake asadzamuyendere. Bokosi linalowa m'bowo lake la konkire, mmisiri anamata njerwa, anthu anasamba m'manja m'madzi a masamba a gwafa. Kenaka onse anayamba kukwera jipini yomwe anabwereka. Aling Pasing anaima pageti.

"Inay, galimoto ikudikira."

"Pitani. Ine ndiyenda pansi."

"Kupita kuti?"

"Kwathu."

Perlita anapereka mwana kwa mwamuna wake n'kuyandikira, akulankhula motsitsa kuti anthu asamve. "Simungatero. Inu nomwe munandiphunzitsa. Mwaiwala tsiku lija munandithamangitsa ndi patapata, nditalunjika kunyumba kuchokera ku maliro a aphunzitsi anga?"

"Aphunzitsi ako sanali a m'nyumba mwathu."

"Nanga Ningning? Mwana wangochira kumene chifuwa. Timagona m'nyumba imodzi, Inay. Mukufuna aziyang'ana pakona n'kumalira popanda chomuliza?"

Mawuwa analasa. Aling Pasing sanali munthu woseka miyambo. Akanakhala woseka, akanakwera jipini ija, n'kukadya mpunga wawo mwamtendere. Koma ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti ukakhota mzimu umatayadi njira, ndipo chimenecho ndicho chinkawaopsa. Anamuyang'ana mdzukulu wawo, amene anali atagona kukamwa kuli yasa, ndipo anachita mantha pang'ono. Komabe miyendo inakana kupita ku jipini.

"Mwana tamudutsitsa pa bokosi, ameneyo sangamutsate," anatero. "Ndipo bambo ako anayamba aopsezapo ndani? Munthu woti mphaka ankamulanda mpando."

"Si za kuopseza. Ndi mwambo."

"Ndikuudziwa kuposa iwe. Ndaukwerera majipini moyo wanga wonse." Anapuma kaye. "Perlita, onse aja tinkawasocheretsa anali anthu ochenjera. Ankazungulirazungulira, kenaka n'kupeza kopita. Bambo ako tikawasiya pakhomo la lesitilanti kumsika kuja, adzaima pamenepo mpaka liti? Afunsa ndani? Ali moyo sankafunsa, poopa kusokoneza anthu."

Dalaivala analiza hutala kamodzi, mwaulemu. Mvula inali itayambanso, yowaza. Perlita analowetsa dzanja m'chikwama, natulutsa ambulera yakuda yazigamba ija, imene anaitenga kuti aiike m'manda koma mtima unamukaniza. Anaitsegula. Nthiti imodzi inatuluka pambali monga mwa masiku onse.

"Ife tikakhota tonse, ndi mwana yemwe," anatero akupukuta mphuno. "Inuyo muziyenda pang'onopang'ono. Mukudziwa mmene Itay, bambo anga, amatsalira."

Aling Pasing anatsika msewu wa kumanda okha. Ambulera anaipendeketsa kumbuyo, mvula ikuwamenya kumaso ndi pachifuwa, moti woyendetsa njinga yamoto wina anaima n'kuwaitana monga timaitanira amayi achikulire kuti, "Nanay, mwaigwira molakwika." Anamuthokoza, osaisintha. Pakona yoyamba anaima osacheuka. Anadikira monga ankadikirira, kenaka anapitiriza.

Mayi wa ngolo ya pansit anawaona, natukula tsamba la nthochi. "Bwerani musanse pano, Aling Pasing. Lero ndi zaulere."

Anapukusa mutu. Pa bekale buledi anali atangotuluka kumene, fungo lili ponseponse, kabenchi kaja kalibe munthu. Sanayang'aneko kawiri. Pakhonde la sitolo ya pafupi ndi tchalitchi, pamene bokosi la mawaya linasiya chizindikiro pa simenti, anaima nthawi yaitali kuposa pena paliponse, chifukwa ankadziwa kuti pamenepo munthu sangadutse osayang'ana. Atatopa kudikira anati chapansipansi, "Basi, Teroy. Palibe wabwera ndi yothyoka."

Aka kanali koyamba chikwatiwire kuti achoke pa maliro n'kufika kunyumba osakhota pena paliponse, m'manja mulibe kaphukusi ka zakudya. Njirayo inali yaifupi modabwitsa. Anakwera masitepe, anasansa madzi pa ambulera, naikoloweka pa msomali wake. Anatsegula chitseko, analowa, n'kuchigwirabe chotsegula, mphepo ikulowetsa mvula pa matabwa.

"Tafika," anatero. "Ndi pano. Pukuta mapazi."

Anadikira kaye pang'ono asanatseke.