Akameta a agogo a Namakhwa

Fungo la zitosi zouma likasakanikirana ndi utsi wa masamba a fodya, ine ndimawaona agogo a Namakhwa, bambo wa mayi anga, atagwada pakhomo pa khola lawo mmamawa, akufukiza utitiri ndi phale la makala, misozi ikulengeza chifukwa cha utsi, pakamwa akung'ung'udza Chilomwe chimene ife obadwira kuno tinkangotolapo mawu awiri atatu. Chiperoni chikhale chikuwaza, phiri la Chambe osaoneka n'komwe, iwo pakhola sankajomba. Nkhuku zinkatsika imodziimodzi, iwo n'kumaitchula iliyonse dzina lake. Mayina a adzukulufe ankawasokoneza, koma a nkhuku ayi. Ine ankangonditi "mkazanga," monga amachitira agogo aamuna poseleula mdzukulu wamkazi, ndipo ndinkalikonda dzinalo.

Nkhukuzo zinali za kameta, zakuda bii, khosi lopanda nthenga ndi imodzi yomwe, lofiira ngati lapsa ndi madzi otentha. Anachoka nazo kutsidya kwa Muloza pothawa asipayi a Apwitikizi amene ankagwira anthu kukagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Ananyamuka ndi akazi awo, mayi anga ali namwali, ndi chitatanga cha mathadzi atatu ndi tambala mmodzi. Agogo aakazi, amene anali eni ake nkhukuzo, anadwala panjira n'kuikidwa m'thengo mopanda ndi manda omwe. Nkhuku zinawoloka, mwini wake sanawoloke. Otsalawo anakhala kufupi ndi Nkando pamalo a mzungu, ndipo mayi anakwatiwa ndi bambo anga, Mmang'anja wofatsa amene masiku ake ambiri ankathera ku thangata.

Lamulo la agogo linali limodzi: tambala wachilendo asaponde pabwalo pawo. Anamanga mpanda wa bango, ndipo tambala wa eni akangosuzumira, chibonga chinkamupeza asanatambasule phiko. Ndiye kwa zaka zonsezo tambala ankakwera ana ake, kenako adzukulu ake, mwana wake n'kudzalowa m'malo kukwera alongo ake. Pamene ine ndinkayamba kusenza mtsuko ndekha, khola linali litayamba kale kubwerera m'mbuyo. Thadzi lifungatire mazira khumi, asanu ndi awiri kusukusa. Anapiye otsalawo kutuluka zala zopindika, kuyenda mopepesuka, patatha masiku atatu nyerere zili m'maso. Wokataya anali ine, ndipo fungo la dzira losukusa likalowa m'manja silimva phulusa.

Mnansi wathu anali Che Bwanali, Myao wachisilamu wogulitsa mchere ndi nsalu, amene anali ndi tambala wofiira, wamtali miyendo, wochokera cha ku Chiradzulu. Tsiku lina ataona ndikutaya anapiye, anabwera n'kukhala pansi mwaulemu, nauza agogo kuti vuto si matsenga kapena chitopa, koma magazi atopa chifukwa chongozungulira m'nyumba imodzi. Anati awabwereke tambala wawo sabata imodzi yokha.

"A Namakhwa," anatero, "kwanu komweko mkamwini amachokera mudzi wina, koma ana amakhala a kuchikazi. Tambala ndi mkamwini basi. Mtundu ndi wa thadzi."

Agogo analavula malovu pambali n'kuyankha kuti sanasenze chitatanga masiku asanu ndi atatu kuti nkhuku za akazi awo zidzakwatiwe ndi tambala wa pamsika. Che Bwanali anangonyamuka n'kusansa nsalu yawo. Amati mawu a akulu akoma akagonera. A agogo anga anagonera n'kusasa.

Pofika chilimwe chotsatira tinatsala ndi thadzi limodzi lolimba, dzina lake Namakala, ndi tambala wachifuwa amene polira ankathera panjira. Apo agogo anaitanidwa kumaliro cha ku Phalombe, ulendo wa masiku asanu ndi limodzi, khola n'kundisiyira ine. Namakala anali atayamba kutetera. Palibe anandituma, ndisanamizire munthu. Ndinamufungatira m'nsalu dzuwa lili paliwombo n'kupita naye kwa Che Bwanali. Iwo anandifunsa ngati agogo akudziwa. Ndinanama kuti asintha maganizo. Anandikumbutsa mwambo wake, woti mwini tambala amalandira kamsoti kamodzi anapiye akatsika, ine n'kuvomera. Patatha masiku anayi ndinakamutenga Namakala.

Anafungatira mazira khumi ndi limodzi, ndipo onse anaswa. Onse! Anapiye ake anali ojintcha, zala zowongoka, makosi ali psuu ngati amake, akupalasa pansi tsiku lachiwiri lomwe. Agogo anavina pabwalo, munthu amene sindinamuonepo akusuntha phazi ngakhale ku tchopa. Anathira ufa patsinde pa mtengo kuthokoza akazi awo, nanena kuti mizimu yamva, ndipo anadutsa dala pakhomo pa Che Bwanali akuimba mluzu. Ine anandiwotchera chinangwa ndi manja awo, amvekere mkazanga ali ndi dzanja labwino. Patapita masabata atatu ndinazembetsa kamsoti kamodzi kukapereka kwa mwini tambala, agogo ndinawauza kuti kabawi wawakha.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kameta wa tate wachilendo sabisika. Nthenga zitayamba kumera, mwanapiye aliyense anatuluka kachitsumba kakang'ono ka nthenga kutsogolo kwa khosi, pamwamba pa chithokomiro, ndipo atatu anayamba kufiira m'mapiko. Mmawa wina agogo anagwira mmodzi, n'kumutembenuza chagada, n'kusisita kachitsumbako ndi chala. Anagwira wachiwiri, wachitatu. Kenako anandiyang'ana ine. Sanandimenye, bola akanandimenya. Ndinaulula ndekha.

Anandituma khasu, nandiuza kuti ndikumbe dzenje kuseri kwa khola. Nditamaliza anakhala pamtondo wogona n'kuyamba kupotokola makosi, mmodzimmodzi, mosafulumira, Namakala akudziguguda pampanda. Mayi anagwada kuwapempha kuti bola angowapereka kwa anthu, koma anakana. Sanalole ngakhale kuti tidye. Anapiye khumi amoyo bwinobwino, oyamba kulimba m'zaka zisanu, anathera m'dzenje limene ndinakumba ine.

Mtima utandiwawa ndinaiwala ulemu. "Agogo, nanga ine? Bambo anga ndi Amang'anja. Mundiponyanso momwemo?"

Anapukuta manja pantchafu, osandiyang'ana.

"Iwe sindinakusenze kuchokera kwathu."

Kuyambira tsiku limenelo dzina loti mkazanga linatha. Akafuna madzi ankauza mayi kuti auze mwana wa Mmang'anja uja.

Namakala anabwerera kwa tambala wachifuwa uja. Anafungatira kawiri, mazira onse kusukusa, ndipo mvula yachiwiri isanathe khola linatsala ndi nthenga zokha. Agogo sanasiye kulifukiza mmawa uliwonse lili lopanda kanthu. Pamenepo n'kuti kamsoti kaja katakula kwa Che Bwanali n'kuswa kangapo, ndipo mwa adzukulu ake munatuluka akameta ena akuda bii, khosi lofiira lopanda kachitsumba, enieni aja a kutsidya. Che Bwanali anasankha msoti wabwino kwambiri n'kubwera nawo okha m'manja, osafuna kanthu. Agogo, ali gone pamphasa, anawutsegulira maso, ndipo ndinaona kuti awuzindikira. Kenako anatembenukira kuchipupa n'kunena kuti nkhuku zawo zinafa. Iwonso sanakhalitse, tinawaika chaka chimene amuna anayamba kugwidwa kupita ku mtengatenga, kukasenza katundu wa nkhondo ya azungu.

Lero ndine wokalamba kuposa mmene analili iwo, ndipo akameta ali pabwalo panga anachokera kwa kamsoti kamene ndinanamizira kabawi. Zaka ziwiri zikatha ndimatuma mdzukulu wanga kukasinthitsa tambala kumudzi wakutali, ndipo ndilibe dzira losukusa loti ndimutume kukataya. Anthu amati ndiwakhululukire, anali munthu wolira mkazi wake. Ndikudziwa, koma sindinathe. Mwanapiye akamera kachitsumba pakhosi ndimamupatsa madeya oyamba, ndipo mdzukulu wangayo amadabwa kuti agogo amakonderanji oipa khosi.