Nyali Imayaka Yokha

Mwala uja unali woyera, wobowokabowoka ngati chisa cha njuchi, ndipo ukaugwira mosasamala unkacheka chala. Bambo ndiwo anabwera nawo kuchokera kunyanja yamchere. Ankati, "Uwu ndiwo umang'amba mimba za sitima."

Nthawiyo tinkakhala m'dziko la eni, kutali ndi nyanjayo, ku Muthaiga, kuseri kwa nyumba ya bwana wina kumene mayi ankachapa ndi kusita. Bambo ankagwira ntchito pakati pa madzi, pansanja ya nyali yochenjeza sitima kuti zisagunde miyala. Kumanga kwake ankakufotokoza ngati nkhondo. Madzi akaphwa, anthu ankathamangira kukayala miyala. Akamabwerera, iwo liwiro kubwato. Kukacha, nyanja yaseseratu zonse, ayambirenso. Ena inawatenga osabweza. Nsanja itaima, panafunika wopukuta magalasi ndi kuthira mafuta, ndiye bambo anga amenewo. "Pamwalapo salola mkazi kapena mwana," anatero potisiya.

Chisanu cha chaka chimenecho chinkalowa m'mafupa. Mayi ankasunga mwambo umene anachoka nawo kwathu: mwamuna akakhala pangozi, mkazi sadzola mafuta, sakangana ndi munthu, sagona kutali ndi nyumba imene anamusiyamo. Miyendo yawo inatuwa mbuu, zidendene ming'alu yokhayokha. Uthenga utafika kuti agogo ku Dedza ali kayakaya, bwana anawalola kupita. Anakana. "Ndikachoka pano nyanja iwameza." Maliro anawalirira m'beseni la zovala za eni ake. Inu, munthu osaponya dothi pamanda a mayi wake!

Malume, mlongo wawo wa mayi, ankagwira ntchito m'sitima yapamtunda yopita ku Mombasa, kunyanja komweko. Akatiyendera ankati, "Alamu ali bwino, angoonda ndi mphepo." N'kudya chakudya chathu, n'kubyukula. Lero ndakalamba, ndimangokhala pakhonde la mwana wanga kuno ku Parklands. Bambo ndimatha kuwaiwala tsiku lathunthu. Malume ayi. Anayamwa bere limodzi ndi mayi.

Amene anaphulitsa nkhani ndi dalaivala wa bwana, wakwathu yemwe, atabwerako kunyanja kumene anaperekeza banja la bwana. Ndinamuthamangira. "Mwaiona nyali ya bambo?"

"Ndaiona, mwanawe, ikuthwanima."

Kenako anaima pakhomo pamene mayi ankasita, chipewa chili m'manja. "Mayi, pansanja paja sipakhalanso munthu. Anaikapo makina kalekale, nyali imayaka yokha. Bambo a mwanayu ndawapeza pamsika atanyamula khanda, mayi wake ali pambali. Alongo anu anali pomwepo."

Simbi yamakala inakhalitsa pashati ya bwana mpaka fungo la nsalu yopsa linadzaza bwalo.

Ine za khanda sindinazimve n'komwe. Ndinangotola mawu amodzi: imayaka yokha. Ndiye kuti bambo amasuka, nyanja siidzawamezanso! Ndinathamanga kukauza ana a alonda m'chinenero chawo kuti bambo akubwera: "Baba anakuja!" Ndinasesa mpaka kugeti.

Lamlungu malume anabwera. Mayi sanawatsegulire. Anaima mbali ino ya geti, manja kumbuyo, osakweza mawu. "Achimwene, amayi anaikidwa ine ndili pano kusunga mwamuna wa mnzanga." Malume ankangoyang'ana nsapato zawo.

Ndinaganiza kuti mayi akwiya poti malume abwera okha. Malumewo ndinawamvera chisoni. Ndinapisa dzanja pakati pa zitsulo, n'kuwakoka thalauza, n'kuwanong'oneza kuti ulendo wina asaiwale kubwera nawo bambo.