Gondolosi wa a Yoswa

A Yoswa anali kalipentala wa kufupi ndi Domasi Mishoni, mkulu wa mpingo amene sankaseka pagulu. Chaka china akazi awo, a Flora, anadwala malungo. Kuchipatala anachira ndithu, koma chilakolako cha chakudya chinathawa. Ngakhale nkhuku ankangoiyang'ana.

A Yoswa anakumbukira kuti malemu amayi awo ankatafunitsa odwala muzu wa gondolosi kuti mkamwa mutseguke. Anakwera phiri la Malosa ndi khasu, n'kubwerako ndi mizu ndi kamphukira komwe. Pasanathe sabata a Flora anayamba kupempha ndiwo zowonjezera. Kamphukira kaja a Yoswa anakabzala patsinde pa mtengo wa mango, ndipo kanayanga mpaka kunsonga.

Koma anthu a ku Domasi amadziwa ntchito ina ya gondolosi, ija ya abambo m'nyumba. Posakhalitsa amuna anayamba kubwera kudzafunsa za mipando, maso ali pamtengo wa mango. Aliyense ankati watumidwa ndi mnzake. A Yoswa ankangodula kamuzu osafunsa zambiri, n'kumadabwa kuti dera lonse lasiya kudya.

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo. Pamsonkhano anaimirira a Mateyo, mkulu mnzawo wa mawu aukali.

"Mkulu wa mpingo kulima zoterezi pabwalo? Achinyamata tiwaphunzitsa chiyani?"

"Zoterezi ziti?" anafunsa a Yoswa. Wina atawanong'oneza, anagwira pakamwa. Anafotokoza za matenda a akazi awo, thukuta lili kamukamu, ndipo mlandu unathera pomwepo.

M'mawa mwake a Mateyo anatulukira pa shedi ya a Yoswa. Anayamikira matabwa, anayamikira chitseko chatsopano, kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, amayi kunyumba nawonso sakudya bwino masiku ano."

A Yoswa anawadulira muzu wautali ngati mkono. Koma a Flora anamva zonse ali kukhitchini, chisoni n'kuwagwira. Anaphika phala la mpunga n'kuthamanga nalo kukazonda wodwalayo. Anapeza akazi a Mateyo atakhala pakhonde, akumaliza chinangwa chachitatu.

"Mwayamba kudya? Mulungu ngwabwino! Muzu uja wagwira msanga chonchi?"

"Muzu uti?"

A Mateyo, amene ankakonza njinga pambali, anaikwera asanabwezeretse n'komwe tcheni.