Injini Yozimitsa Dala

A Magiya anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi ziwiri, mpaka dzina lawo lenileni linangotsala pa layisensi pokha. Chaka chatha dokotala wa maso anawaonetsa zilembo pakhoma, iwo n'kuwerenga mzere wapamwamba wokha. Ntchito inathera pomwepo. Kuyambira tsikulo ankangokhala pakhonde, n'kumadzitcha galimoto yofa, yoyenera kuikidwa pamiyala. Akazi awo ankaseka, koma mumtima zinkawapweteka, pakuti bamboyo sankanena zocheza.

Mwana wawo woyamba, namwino, ndiye anaganiza za ulendo. Anatenga tchuthi kuti apite atatu kukaona mzinda waukulu, kenako dambo la nyama limene lili kuseri kwa mzindawo. Galimoto inali ya namwinoyo, chiwongolero chakenso, ndipo bambo ake anapatsidwa mpando wa pambali.

Tisabise Chichewa, a Magiya anali pasinjala wovuta. Phazi lawo linkaponda buleki pomwe palibe buleki, dzanja likufufuza giya m'malere.

“Bambo, mubowola kapeti,” anatero mwanayo.

“Iwe yang'ana kutsogolo. Basi ija ikhota osaonetsa.”

Basiyo inakhotadi osaonetsa, ndipo zimenezi zinangowawonjezera mwano.

Atafika mumzinda muja, a Magiya anati anadutsamo kosawerengeka, komatu chimene ankadziwa ndi sikelo ya malole, depoti, ndi pomatira matayala. Mwana wawo akuloza nsanja yakale ya wotchi, iwo ankaloza pansi, ati apa panali dzenje limene linawathyolera sipuling'i.

“Anzanu tikuona nsanja, inu mukuona maenje,” anatero akazi awo.

“Dalaivala woyang'ana kumwamba amapha anthu, mayi.”

Komabe anakweza maso. Wotchiyo inali chinthu choyera chabe, chopanda mivi ngakhale manambala, ngati mbale yomira m'madzi a sopo. Zaka zonse zimene maso anali akuthwa anazithera pa phula, ndipo lero mpata woyang'ana wapezeka maso atapita. Chinawawawa kwambiri. Ku nyumba yosungira zinthu zakale anangokhala pabenchi, ati miyendo yatopa.

M'mawa mwake anafika kudambo n'kukwera boti. Woyendetsa anali bambo waimvi, wosalankhulalankhula. A Magiya anasankha kukhala pafupi ndi injini, poti mbalame zimene ena ankaloza iwo sankaziona, koma kulira kwa injini ankakumva bwino lomwe. Botilo linalowa m'kanjira kopapatiza, bango uku ndi uku. Ali mkatikati, injini inangoti zii.

A Magiya anadzambatuka, boti n'kupendama. Sipanala inali itatuluka kale m'thumba la jekete, momwe yakhala ikugona zaka zonsezi.

“Ndi pulagi imeneyo, apo ayi mafuta atsekeka. Tasunthani ndione.”

“Khalani pansi, achikulire, mungatigwetsere m'madzi,” anatero woyendetsayo motsitsa mawu. “Injini ili bwinobwino. Ndazimitsa dala. Ikamalira, nyama sizitulukira.”

Anakhala pansi manyazi atawagwira, sipanala ili pamwendo. Pa moyo wawo wonse, injini yozima pakati pa ulendo inkatanthauza tsoka basi. Mwana wawo anayang'ana kumbali kuti asaseke.

Botilo linkangoyandama. Pang'ono ndi pang'ono khutu lija lozolowera kusaka vuto m'injini linayamba kutola zina: achule, madzi akunyambita bango, mapiko a mbalame ikutera. Kenako linamva china cholemera.

“Kumanzereku,” ananong'ona a Magiya. “Kuseri kwa bango kuli chinthu chikupuma ngati buleki ya mpweya.”

Onse anatembenuka, osaona kanthu. Posakhalitsa madzi anatukuka, mvuu n'kuvuuka, kamwana kake kali pambali. Akazi awo anawagwira mkono mwamphamvu. Iwo ankangoona chimthunzi chakuda, koma anali atachipeza iwowo, asanachione aliyense wa maso abwino.

“Khutu limenelo mundibwerekeko,” anatero woyendetsayo. “Ine sindinaimve.”

“Ndiye mumazimitsa chonchi tsiku lililonse?” anafunsa a Magiya.

“Tsiku lililonse. Ntchito yanga yeniyeni imayamba ndikazimitsa.”

Mawuwo a Magiya anawasunga mumtima.

Pobwerera phazi lija linaponda buleki yake kawiri kokha, zomwe kwa iwo kunali kudziletsa kwakukulu. Atayandikira mlatho wina wautali, anagwira mwana wawo paphewa.

“Mwanangu, patuka apa. Zimitsa.”

“Chavuta n'chiyani, bambo? Mwamva kanthu m'injini?”

“Palibe chavuta. Mlatho uwu ndauwoloka zaka makumi atatu, koma sindidziwa ngati pansi pake pali madzi.”

Anatsika, n'kuwatsegulira akazi awo chitseko cha kumbuyo. Sipanala inatsala pampando.

“Tiyeni, mayi,” anatero. “Inu muzikandiuza zimene mukuona, ine ndizikuuzani zimene ndikumva.”