Pikicha ya Amake Mapalo

Ndine mayi wa mapemphero, koma izi ndinachita ndine.

Mwana wanga Tiyamike, Mulungu amudalitse, anatiikira kabokosi pa foni ife azimayi a tchalitchi chathu ku Estates. Kamaonetsa vesi la tsiku, ndipo pikicha ya kumbuyo kamakaitenga m'foda ya pa intaneti. Anandiphunzitsa kuikamo mapikicha a maluwa. Chimene ndaika ine chimatuluka pa foni zonse, koma anzanga sadziwa kuti woika ndine.

Tsiku lina tikudya pamsonkhano, Amake Mapalo a kwaya anati pagulu, "Amake Tiya, nsombazi munaphika, kapena munangoziopseza ndi moto?" Onse anaseka. Inenso ndinaseka, mtima ukuwira.

Pa Sondo ndinawajambula akugona pa ulaliki, kukamwa kuli yasa, duku litapendekeka. Lolemba ndinachotsa maluwa n'kuikamo iwo. Ndisaname, tiyi wa m'mawa umenewo anakoma kwambiri.

Masana Amake Mapalo anafika kwathu maso ali psuu. "Amake Tiya, ngakhale amayi abusa aiona. Ku kwaya ndikaimanso bwanji? Satana walowa m'mafoni. Ndipempherereniko, inu ndiye ndimakudalirani."

Pamenepo mpamene ndikanaulula. M'malo mwake ndinawagwira pamutu n'kuyamba kumanga mdani amene wachita zimenezi, mokweza, mpaka thukuta. Iwo ankangovomera ameni.

Maluwa ndinabwezeramo tsiku lomwelo, koma mpaka lero sindinawauze. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu amene anatsanzika nawo pakhomo. Anandikumbatira, nati, "Amene wachita izi, manja ake aume."

Ndinati ameni, manja nditabisa m'chitenge.