Tsiku Limene Adadi Anayendetsa Ayezi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinali titakhala zaka zitatu kutsidya kwa nyanja, ku Takoma Park, m'nyumba yosanja yomwe khonde lake linayang'ana kunjanji. Chingerezi chinali chitandilowerera, moti makolo akandiyankhula m'Chichewa ndinkawayankha m'Chingerezi, nthawi zina n'kuwakonza katchulidwe ka mawu.

Adadi kwathu ku Dowa anali mphunzitsi. Kuno ankasamalira okalamba ku Bethesda, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Ndinene zoona, ndinkachita nawo manyazi. Popereka moni ankagwirizira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere n'kuwerama pang'ono, ngakhale kwa munthu wamng'ono kwa iwo. Tsiku lina mnzanga anandifunsa ngati mkono wawowo unali wothyoka, ndipo kuyambira pamenepo sindinafunenso kuti afike kusukulu.

Mwezi wa Januwale, nthawi ya chisanu choopsa kuno, kusukulu kunali chionetsero cha sayansi. Ine anandipatsa zofotokoza mitsinje ya ayezi ya m'mapiri ozizira, ayezi wounjikana zaka zosawerengeka, wolimba ngati mwala, koma amene amatsika pang'onopang'ono kulowera kuchigwa. Anatipatsanso kalata yoitana makolo kuti abwere Lachiwiri. Yanga ndinaipinda kangapo mpaka inakhala kanthu kakang'ono, n'kuiika pansi pa thabwa langa loyeserera ngati chotchinjirizira kuti lisagwedere.

Ndinaumitsa madzi m'sefuliya ya amayi, pansi pake nditaikapo timiyala. Lachisanu madzulo ndinakhutulira chiayezicho pathabwa lopendekeka, pakhonde, pozizira kwambiri kuti chisasungunuke. Loweruka m'mawa ndinachipeza chili pomwepo. Ndinapendeketsanso thabwa, koma ayi ndithu. Ndinachikankha ndi phazi, thabwa lonse n'kusuntha nacho limodzi. Pofika masana zala zinali zitachita dzanzi, misozi ili chuchuchu.

Adadi anandipeza choncho akuchokera kuntchito, asanavule n'komwe yunifolomu.

"Kwagwanji, mayi?" anandifunsa. Ankanditcha mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

"Dad, it's science," ndinayankha, kutanthauza kuti izi si za iwo.

Sanapse mtima. Ananjuta n'kupapasa pamene chiayezicho chinakhudzana ndi thabwa. "Chagwirana ndi thabwa ichi. Tiye nacho m'nyumba." Ndinakuwa kuti chisungunuka, koma iwo anachinyamula ndi thabwa lomwe, n'kukachiika pansi m'khitchini, thabwalo lili chipendekekere. Kenako anatereka tiyi ngati palibe chimene chikuchitika.

"Ndili mnyamata ndinkaumba njerwa," anatero akuuzira tiyi wawo. "Chikombole ukapanda kuchinyowetsa, dothi limakakamira, ungachimenye mpaka manja kutupa. Ukachiviika m'madzi, njerwa imatsika yokha. Agogo ena amene ndimawasamalira kuntchito ndi aakulu thupi kundiposa kawiri. Ukuganiza kuti ndimawanyamula? Ndimayala kansalu koterera pansi pawo, n'kuwauza kuti tiyeni."

Ndinkamvetsera ndi khutu limodzi, nkhope nditaikwinya. Tiyi asanathe, ndinaona kamzere ka madzi kakunyezimira pansi pa chiayezi chija. Kenako panamveka kaphokoso, khwee, ndipo chinayamba kutsika chokha, mosafulumira, timiyala tija tikukanda thabwa n'kusiya mizere yoyera. Ndinathamangira buku langa. Zinalembedwa momwemo, zomwe ndinaziwerenga kangapo osazimva: ayezi akaundana pamodzi ndi thanthwe la pansi pake, satsetsereka. Koma pamene kulemera kwake ndi kutentha kochokera m'nthaka zasungunula timadzi pang'ono kunsiko, phiri lonse la ayezi limayenda, miyala yogwidwa pansi pake ikukanda thanthwe. Adadi anali asanaonepo phiri lotero, koma ankalidziwa kuposa ine.

Ndikudumphadumpha choncho, iwo anatukula thabwa kuti apukute madzi. Kalata ija inali itamatirira kunsi kwa thabwalo, itanyowa. Anaifunyulula mosamala n'kuiwerenga mpaka pansi. Ndinalakalaka atangondikalipira. Anaiyanika pa hita yotenthetsera m'nyumba, itauma anaipinda motsatira mapindo anga omwe aja, n'kuibwezera pansi pa thabwa.

"Imakhala apa, eti?" Anangonena zokhazo.

Lamulungu tinapita kutchalitchi, osaitchula nkhaniyo. Anandipatsa nyama yawo pachakudya monga mwa masiku onse. Lolemba madzulo ndinawapeza akusita yunifolomu. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, ndikufunafuna mawu a Chichewa omwe ndinali nditawataya dala.

"Adadi, mawa mubwere kusukulu. Chonde."

Sanadzutse mutu. "Ndinapempha kale tchuthi Loweruka lomwe lija, mayi. Ndimangodikira iwe."

Lachiwiri anabwera atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anapereka moni kwa aphunzitsi anga monga mwa chizolowezi chawo, mkono atagwirizira, ndipo ine ndinaima pambali pawo osayang'ana kwina. Mphoto sindinapate, chifukwa m'holo ya sukulu munkatentha ndipo chiayezi changa chinatsetsereka msanga n'kukanyowetsa nsapato za mayi wina. Adadi anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo njira yonse yobwerera ankandinena kuti ndapanga mtsinje wa ayezi waliwiro kuposa yonse padziko.

Lero Adadi amakhala kwanga ku Springfield. Anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo, ndipo mkono wamanja uja sugwiranso ntchito. Ndine ndimawatembenuza m'mawa uliwonse. Masiku ena amakana mankhwala, amakana kusamba, amangoyang'ana kukhoma, ndipo mtima wanga wachangu umafuna kuwakakamiza. Pamenepo ndimakumbukira kuti munthu ameneyu anandipeza nditauma gwa, nditamubisira kalata, ndipo sanandikankhe. Anandilowetsa pofunda n'kudikira. Choncho ndimatereka tiyi, ndimakhala pambali pawo mpaka nkhope yawo itamasuka, kenako ndimayala kansalu koterera kaja pansi pawo.

"Tiyeni, Adadi," ndimatero.

Iwo amagwirizira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, n'kundiyankha ndi lilime lolemera, "Tiye, mayi."